Makina Osamva Pepani: Mbiri ya Filimu ya The Terminator

Pa 26 Okutobala 1984, m'nyumba zoonetsera kanema ku America munalowa filimu yomwe ngakhale eni kampani yoigulitsa sankaiwerengera. Akuluakulu a Orion Pictures ankaiona ngati kafilimu ka mfuti kongodyera ndalama za anyamata kwa sabata ziwiri kapena zitatu, kenako n'kuiwalika. Mtima wawo unali pa Amadeus, filimu yaulemu wake yonena za katswiri wa nyimbo Mozart. Amadeus inakololadi mphoto 8 za Oscar. Koma lero imani pa siteji ya kabaza pa Lunzu kapena pa Mitundu, mufunse odziwa Mozart, kenako mufunse odziwa Arnold Schwarzenegger wa diso lofiira uja, muone komwe manja achuluke.

Kafilimu konyozekako ndi The Terminator. Kanadya madola pafupifupi 6.4 miliyoni, ndalama zochepa kwambiri pa muyezo wa Hollywood, ndipo kanabweza oposa 78 miliyoni padziko lonse. Ine ndimakhulupirira kuti kuchepa kwa ndalamako ndiye kunali mwayi wake, ndipo mbiri yake yonse ikuchitira umboni.

Mwini nkhani, James Cameron, anabadwa mu 1954 ku Kapuskasing m'chigawo cha Ontario ku Canada, ndipo banja lake linasamukira ku California mu 1971. Sukulu ya ukachenjede anaisiyira panjira, n'kuyamba kuyendetsa lole. Ataonera Star Wars mu 1977 anasiya chiwongolero n'kupita kukasaka ntchito ya mafilimu. Anakaipeza kwa Roger Corman, mkulu wotchuka ndi kupanga mafilimu otchipa mwa changu, amene sankalola kuti khobidi litayike pachabe. Kumeneko Cameron ankaumba tindege ta m'mlengalenga ta filimu ya Battle Beyond the Stars ya mu 1980, naphunzira luso lopangitsa katoni, guluu ndi utoto kuoneka ngati zitsulo za madola zikwizikwi. Kumenekonso anakumana ndi Gale Anne Hurd, mtsikana yemwe anayamba ntchito ngati wothandizira Corman.

Mwayi wake woyamba wotsogolera filimu unali wowawa. Filimuyo inali Piranha II, nkhani ya nsomba zouluka zodya anthu, ndipo mwini ndalama, Ovidio Assonitis, anam'landa ntchito kujambula kuli m'kati. Cameron anailondola filimuyo mpaka ku Rome komwe inkalumikizidwa. Ali kumeneko, m'thumba muli mbee, anadwala thupi n'kutentha kwambiri. Malinga n'kunena kwa iye mwini, usiku wina analota chigoba cha chitsulo, chodukira m'chiuno, chikudzikoka pansi kutuluka m'moto, m'manja chitagwira mipeni ya kukhitchini. Atadzuka anachijambula papepala. Nkhani yonse anaimanga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa chithunzi chimenecho: chinthu chotere sichingapangidwe lero, ndiye kuti chachokera m'tsogolo, koma kujambula dziko la m'tsogolo n'kodula, ndiye chibwere chokha kuno kwathu, m'misewu ya Los Angeles yomwe ilipo kale ndipo siifuna kumangidwa. Ulendo wobwerera m'nthawi, womwe ambiri amauyesa mtima wa filimuyi, unayamba ngati njira yopulumutsira ndalama.

Sikuti Cameron ndiye anayamba kuopseza anthu ndi munthu wa chitsulo. Sewero la Karel Čapek la mu 1920, R.U.R., linali kale ndi antchito opangidwa m'fakitale oukira owapanga. Mu Metropolis ya Fritz Lang ya mu 1927 muli makina ovala nkhope ya mkazi. Mu Westworld ya mu 1973, Yul Brynner anali loboti ya mfuti yolondola munthu mosatopa, ndipo Halloween ya John Carpenter ya mu 1978 inaonetsa kuti chigawenga chosalankhula, choyenda mosafulumira, chimaopsa kuposa chokuwa. Ngongole ina inafika pa maloya. Mlembi Harlan Ellison anadandaula kuti chiyambi cha filimuyi chikufanana ndi nkhani yake ya Soldier, yomwe inaonetsedwa pa pulogalamu ya The Outer Limits mu 1964. Anamulipira kunja kwa khothi, dzina lake n'kuwonjezedwa kumapeto kwa filimu, Cameron akukukuta mano.

Nkhaniyo italembedwa, makampani ena ankaifuna, koma osati mlembi wake. Ndani akanapereka mamiliyoni kwa munthu wa nsomba zouluka? Apa mpamene Cameron anagulitsa umwini wa nkhaniyo kwa Hurd pa dola imodzi yokha, pa pangano loti filimuyo isapangidwe pokhapokha iye ndiye aitsogolere. Hurd anasunga pangano. Ndalama zinachokera ku Hemdale, kampani ya John Daly, ndipo Orion inavomera kuigulitsa.

Za amene adzasewere ngati makinawo zinayenda mokhotakhota. Poyamba Cameron ankafuna munthu wooneka wamba, woti atha kusowa m'chigulu cha anthu, ndipo ankaganizira mnzake Lance Henriksen, yemwe pomaliza anangokhala wapolisi m'filimumo. Mkulu wina wa Orion, Mike Medavoy, anatchula O. J. Simpson, koma panali maganizo oti anthu sangakhulupirire kuti munthu wansangala chotero angaphe mnzake. Arnold Schwarzenegger ankamufunira mbali ya msilikali wabwino. Cameron sanakondwe nazo, ndipo anapita kukadya naye nkhomaliro ali ndi cholinga choyambitsa mkangano kuti apeze chifukwa chomukanira. Mkanganowo sunabuke. Arnold, mwana wa wapolisi wa m'mudzi wa Thal pafupi ndi Graz ku Austria, amene anapambana mpikisano wa Mr. Olympia kasanu ndi kawiri, anathera nthawi yonse akufotokoza momwe makinawo ayenera kuyendera: asaphethire powombera, asayang'ane mfuti poika zipolopolo, maso azitsogola mutu n'kumatsatira. Cameron anabwerako atasintha maganizo. Chingerezi cha Arnold chinali cholemera ndi kalankhulidwe ka kwawo, ndipo ambiri ankati chimenechi chidzamulepheretsa ku Hollywood. M'kamwa mwa makina chinakhala bwino zedi. M'filimu yonse amalankhula mawu osafika 100.

Kujambula kunayenera kuyamba mu 1983 ku Toronto, koma wopanga mafilimu Dino De Laurentiis anamuitana Arnold kuti akamalize kaye pangano lake la Conan the Destroyer. Podikira, Cameron analemba nkhani ya Aliens komanso zolemba zoyambirira za Rambo: First Blood Part II. Kamera inayamba kuzungulira mu Marichi 1984 ku Los Angeles, kwambiri usiku, m'misewu ya kuseri yodzaza zinyalala. Linda Hamilton, wosewera ngati Sarah Connor, anabinya mwendo kutatsala pang'ono kuyamba, ndipo mbali zambiri zothamanga anazichita bandeji ili pa kakolo.

Nkhani yake mwana wa sitandade 5 atha kuifotokoza. M'chaka cha 2029 makina olamulidwa ndi kompyuta yotchedwa Skynet atsala pang'ono kugonja kwa anthu otsogoleredwa ndi John Connor. Pofuna kudula mtengo ku mizu, Skynet itumiza chigoba cha chitsulo chokutidwa ndi mnofu wa munthu kubwerera ku Meyi 1984 kuti chikaphe Sarah Connor asanabereke John. Anthu nawo atumiza msilikali mmodzi, Kyle Reese, woseweredwa ndi Michael Biehn. Onse awiri afika ali mbulanda, opanda chida. Makinawo sakudziwa nkhope ya Sarah, ndiye atsegula buku la manambala a foni, apeza a Sarah Connor atatu, n'kuyamba kuwapha motsatira mndandanda.

Ka buku la mafoni kameneka ndimakakonda kuposa kuphulika kulikonse m'filimumo. Chigawengachi chilibe mkwiyo, chilibe chidani, sichikubwezera. Chikungogwira ntchito yomwe chapatsidwa, mwadongosolo ngati kalaliki. Reese amamuuza Sarah kuti chinthu chimenechi sungakambirane nacho, sungachinyengerere, chilibe chisoni kapena mantha, ndipo sichidzaleka. Aliyense amene anakongolapo katapila akuidziwa nkhope imeneyi: ulire, ulumbire, unene kuti kwanu kwagwa maliro, iye akubwerabe pa tsiku lake. Malo onse amene munthu amathawirako akaopsezedwa, filimuyi imawagwetsa limodzilimodzi. Sarah athawira m'bala yodzaza anthu, chinthucho chimupeza momwemo. Apolisi amutenga, amuuza kuti agone pa mpando pakuti m'nyumbamo muli apolisi 30. Chinthucho chifika pa kauntala, chikanizidwa kulowa, chiyang'anayang'ana khoma, chimuuza wapolisi kuti chibweranso, ndipo chibweradi ndi galimoto kudzera pakhomo pomwepo. Sarah aimbira foni mayi ake, osadziwa kuti liwu lomuyankha mwachikondilo likutuluka m'kamwa mwa makina omwe awapha kale.

Anthu ambiri akamakumbukira filimuyi amakumbukira Arnold, magalasi akuda ndi jekete lachikopa. Koma mwini filimu weniweni ndi Sarah. Tikuyamba kumuona ali woperekera zakudya m'lesitilanti, wochedwa kuntchito, mwana wa kasitomala akumuthira ayisikilimu m'thumba la epuloni, chibwenzi chake chikumugwiritsa fuwa la moto Lachisanu madzulo. Palibe chilichonse chosonyeza kuti ndi mayi wa mpulumutsi wa dziko, ndipo iye mwini akukana. Pofika kumapeto, Reese atavulala, ndi Sarah amene akumukalipira ngati msilikali kuti adzuke. Reese afa, Sarah atsala yekha ndi theka la chigoba lija la m'maloto a ku Rome, likumukwawira m'fakitale, ndipo alitswanya ndi makina opsinjira zitsulo. Wamuphayo alibe minofu, alibe mfuti, wangodina batani. M'zaka zimene mafilimu a nkhondo ankatha ndi mwamuna wa chifuwa pamtunda atanyamula mfuti yaikulu, mathero otere anali achilendo.

Umphawi wa filimuyi umaoneka, ndipo suchititsa manyazi. Stan Winston ndi anyamata ake anapanga chigoba cha msinkhu wa munthu chomwe ankachinyamula ndi kuchigwedeza ndi manja. Pofuna kuchionetsa chikuyenda chathunthu, a kampani ya Fantasy II ankasuntha kachidole pang'onopang'ono n'kumajambula chithunzi chimodzichimodzi. Kayendedwe kotere kamanjenjemera, ndiye Cameron anakonza zoti chinthucho chigundidwe kaye ndi lole kuti chizitsimphina, kutsimphinako kubise chilemacho. Thanki ya mafuta yomwe imaphulika inali kachidole. Nyimbo yake Brad Fiedel anaipanga yekha pa makina oimbira, kugunda kwake kukumveka ngati wina akumenya chitsulo ndi nyundo. Chithunzi chomaliza, cha Sarah akulowera kuchipululu, anachijambula opanda chilolezo cha boma. Mutu wa pulasitiki womwe umadzichotsa diso pagalasi lero umaoneka kuti ndi pulasitiki, komabe anthu amafinya nkhope akafika pamenepo.

Palinso mantha a nthawiyo, omwe owonera a mu 1984 analowa nawo m'holo kuchokera kunyumba. Chaka cha 1983 chinali chimodzi mwa zaka zoopsa kwambiri pa mkangano wa America ndi Soviet Union. Mu Marichi, Ronald Reagan analengeza ganizo loika zida zotchinga mizinga m'mlengalenga. Pa 1 Seputembala ndege ya nkhondo ya Soviet inagwetsa ndege ya anthu wamba ya ku South Korea, n'kupha onse 269. Mu Novembala anthu pafupifupi 100 miliyoni ku America anaonera pa TV filimu ya The Day After, yoonetsa mabomba a nyukiliya akugwa pa Kansas. Ndipo panali china chimene Cameron sakanachidziwa, poti chinabisidwa mpaka m'zaka za m'ma 1990. Usiku wa pa 26 Seputembala 1983, kompyuta ya asilikali a Soviet pafupi ndi Moscow inalengeza kuti America yaponya mizinga. Msilikali yemwe anali pa ntchito, Stanislav Petrov, anaikayikira n'kuuza akuluakulu ake kuti makina alakwitsa. Analakwitsadi: kunali kuwala kwa dzuwa pa mitambo. Skynet ya m'filimu ndi kompyuta yoteroyo itachotsedwa Petrov wake. Kumafakitale nako maloboti anali atayamba kulanda ntchito za anthu, ndipo mu 1979 wantchito wina pa fakitale ya Ford ku Flat Rock, Michigan, anaphedwa ndi mkono wa loboti.

Kutchuka kwenikweni kunabwera ndi matepi a vidiyo, anthu akubwereka n'kumaonera mobwerezabwereza kunyumba. Pofika 1990 Arnold anali atakwera ndi Commando, Predator ndi Total Recall, Cameron naye atadziwika ndi Aliens. Kampani ya Carolco ya Mario Kassar inagula umwini kwa Hemdale, ndipo pa 3 Julayi 1991 kunatuluka Terminator 2: Judgment Day, yomwe inadya madola pafupifupi 100 miliyoni, filimu yodula kuposa ina iliyonse kufika nthawi imeneyo. Inabweza oposa 500 miliyoni, n'kupata mphoto 4 za Oscar.

Ganizo lomwe Cameron analisiya mu 1984 chifukwa chosowa zipangizo, la makina a chitsulo chamadzimadzi otha kusanduka chilichonse, tsopano linatheka. Akatswiri a Industrial Light & Magic motsogozedwa ndi Dennis Muren anali atayesera kale pa The Abyss mu 1989. Makina amadzimadziwo, otchedwa T-1000, oseweredwa ndi Robert Patrick, amadutsa pa zitsulo za chitseko cha m'chipatala cha amisala, amatuluka pansi pa simenti, mabala a zipolopolo amatsekeka tikuona. Chodabwitsa n'choti zithunzi za pakompyuta m'filimu yonseyi zimangokwana mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono. Zotsalazo ndi manja a Winston ndi nzeru zakale za kwa Corman. Pofuna kuonetsa Sarah awiri nthawi imodzi anaitana Leslie, mapasa ake a Linda Hamilton. Helikopita yodutsa kunsi kwa mlatho inadutsadi, woyendetsa wake Chuck Tamburro, kamera atainyamula Cameron mwini.

Filimu yachiwiriyi inatembenuza zonse. Makina a Arnold tsopano ndi mtetezi wa John, mnyamata wosamva wa zaka 10, yemwe amawaletsa kupha, ndiye amangowombera anthu m'maondo. Woipa wavala yunifolomu ya polisi, ndipo filimuyi inatuluka miyezi inayi chichitikireni nkhani ya apolisi a Los Angeles kumenya Rodney King. Sarah watsekeredwa m'chipatala cha amisala chifukwa chonena zoona, thupi lake lauma ngati la msilikali, ndipo pamene akupita kukapha Miles Dyson, injiniya amene ntchito yake idzabala Skynet, iye ndi amene wasanduka makina osamva pepani. Dyson, woseweredwa ndi Joe Morton, si mfiti ayi. Ndi bambo wakuda wophunzira, wokonda mkazi wake ndi ana, wokhulupirira kuti akupanga chinthu chothandiza anthu. Pamenepa ndi pomwe filimuyi inaona patali kuposa inzake yoyamba.

Komabe mukandifunsa, ndisankha yoyamba. Yachiwiri ndi yokongola, yoseketsa, ndipo chala chachikulu cha makina a Arnold chikumira m'chitsulo chosungunuka chalizapo amuna a ndevu zawo. Koma mantha anachepa. Ukakhala ndi Arnold kumbali yako, ukudziwa kuti zitha bwino.

Kwathu kuno mafilimuwa sanafike kudzera m'maholo a mipando ya wofuwofu. Malawi analibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999, ndipo ambiri anamuona Arnold koyamba m'tinyumba ta vidiyo ta m'misika ndi m'makwalala a Ndirande, Kawale kapena Chibavi: benchi la thabwa, TV imodzi patsogolo, jenereta ikulira kuseri, sipika panja kuitana odutsa, ana osowa tambala akusuzumira pa ming'alu. Ambiri ankangomutchula kuti Komando, kaya filimuyo ndi iti. Tepi inali yojambulidwa kuchokera ku tepi inzake, mawu osamveka bwino, ndipo Chingerezi cha ku California sichinali cha aliyense m'chipindamo. Apa mpomwe kuphweka kwa The Terminator kunagwira ntchito. Filimu ya makhothi kapena ya chikondi imafa mawu akasowa. Iyi ayi: uyu akuthawa, uyo akulondola, wawomberedwa, wadzukanso. Lamulo la m'tinyumba timeneti linali lakuti mwini filimu safa, ndiye taganizani chisokonezo cha anyamata ozolowera Commando poona Komando yemweyo akupha anthu osalakwa, kenako n'kuphwanyidwa ndi mtsikana. Pambuyo pake kunabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, oika nthabwala zawo ndi mayina a m'mudzi m'kamwa mwa azungu, ndipo mafilimu akale a nkhondo anapeza moyo wina pa ma CD ndi m'mafoni.

Ku America ulemu unachedwa koma unafika. Library of Congress inaika The Terminator m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa mu 2008, ndipo yachiwiri inalowamo mu 2023. Arnold anakhala bwanamkubwa wa California kuyambira 2003 mpaka 2011. Dzina la filimuyi linalowa ngakhale m'zokambirana za mayiko: kuyambira 2014 nthumwi zakhala zikukumana ku Geneva pa nkhani ya zida zotha kusankha zokha woti zimuphe, ndipo manyuzipepala polemba za misonkhanoyi sachedwa kuika chithunzi cha chigaza chachitsulo chija. Akatswiri ambiri chithunzichi chimawanyansa, ati chimachititsa anthu kudikira chigoba cha maso ofiira pamene choopsa chenicheni ndi kandege kopanda woyendetsa kotchipa.

Za mafilimu otsatira sindichedwapo. Carolco inagwa mu 1995, ndipo umwini wa nkhaniyi unayamba kugulitsidwa uku ndi uku. Kunabwera Rise of the Machines mu 2003, Salvation mu 2009, Genisys mu 2015 ndi Dark Fate mu 2019. Iliyonse inadya ndalama zoposa madola 150 miliyoni, iliyonse inabweretsa makina atsopano amphamvu kuposa akale, ndipo zitatu zomalizazo zinakonzedwa ngati chiyambi cha mndandanda watsopano womwe sunapitirire. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Dark Fate, ngakhale inabwezeretsa Linda Hamilton ndipo Cameron anathandiza nawo kuikonza, inaluza ndalama zambiri.

Cameron mwiniwake, atapanga Titanic ndi Avatar, amafunsidwabe za Skynet nthawi iliyonse nkhani ya nzeru zopangidwa ndi makompyuta ikatentha. Mu 2023 anauza wailesi yakanema ya ku Canada kuti iye anachenjeza kale mu 1984 koma anthu sanamve. Mu Seputembala 2024 analowa m'bodi ya Stability AI, kampani yopanga mapulogalamu a nzeru zomwezo.